Mmene timalembera mankhwala olowa m'madamu athu a nsomba

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a nsomba, ndipo kope la mankhwala ndimasunga ndine. Timaweta makumba ndi chilunguni, ena ali ndi milamba pang'ono. Tinagwirizana kuti chilichonse cholowa m'damu chilembedwe, makamaka mankhwala opha mabakiteriya, aja amati maantibayotiki.

Membala akaona nsomba zikuyandama mwaulesi kapena zatuluka zilonda, sayamba wathamangira kusitolo ya mankhwala a ziweto. Amandiimbira, ine n'kuimbira mlangizi wa za nsomba. Podikira mlangiziyo timayang'ana madzi. Nsomba zikamapuma pamwamba m'bandakucha, kukamwa kuli yasa, nthawi zambiri vuto ndi mpweya wochepa, ndipo chofunika ndi kusiya kuthira manyowa, kuchepetsa madeya ndi kulowetsa madzi atsopano. Zilonda nazo zimapusitsa. Matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anabuka ku Mchinji mu 2020, amayamba ndi kachilombo konga nkhungu ka Aphanomyces invadans, osati bakiteriya. Ungathire maantibayotiki a oxytetracycline paketi yonse, kachilomboko sikafa. Zikatere timatenga nsomba yodwala ikadali yamoyo, kapena yongofa kumene titaiika pa ayisi, kuti alangizi akaiyeze. Yowola palibe chimene angaonepo.

Akavomereza kuti ndi bakiteriya, m'pamene kope limatsegulidwa. Ndimalemba tsiku, damu lake, dzina la mankhwala monga lilili pa paketi, tsiku lothera ntchito, ndi amene walamula. Mlingo umatengera kulemera kwa nsomba zonse za m'damu, osati kukula kwa damu. Choncho timakoka khoka pakona, kuyeza nsomba zingapo pasikelo, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha mbewu imene tinaikamo, titachotsera zakufa. Ufa wa mankhwalawo timausakaniza ndi mafuta ophikira pang'ono kuti umatirire ku chakudya, apo ayi umangosungunuka m'madzi n'kukakhazikika m'matope. Chovuta n'chakuti nsomba yodwalitsitsa sidya, ndiye mankhwala ambiri amadyedwa ndi zathanzi. N'chifukwa chake ndimalembanso ngati chakudya chatha kapena chatsala. Masiku amene dokotala wanena timawamaliza onse, ngakhale imfa zitaleka msanga, chifukwa mabakiteriya opulumuka ndi amene amadzapima mankhwalawo mawa.

Pamene timakangana kwambiri ndi pa tsiku lokolola. Thupi la nsomba limatsata kutentha kwa madzi, ndiye kukazizira mankhwala amachedwa kutuluka m'mnofu. Paketi ikakhala kuti sinatchule za nsomba, timatsata muyezo umene amagwiritsa ntchito ku Ulaya: kuphatikiza madigiri a kutentha kwa madzi tsiku ndi tsiku mpaka akwane 500 tisanakolole. Madzi a madigiri 25 ndi masiku 20. M'nyengo yozizira ya June ndi July, madzi ali pa 20, ndi masiku 25. Choyezera kutentha chimakhala chomangirira pansungwi m'mbali mwa damu, ndipo mwini damu amandiuza nambala m'mawa uliwonse. Mavenda amafika ndi mabeseni ndalama zili m'manja, mwini damu ali ndi fizi yoti alipire. Apo ndimangotsegula tsamba n'kumuonetsa nambala imene tafika. Ena amanyinyirika, koma sipanapezeke wotsutsa masamu.

Tsamba limene alendo amadabwa nalo ndi la zitosi. Ambiri timathira zitosi za nkhuku kuti madzi abiriwire. Koma nkhuku zachizungu zimamwetsedwa maantibayotiki m'madzi kuyambira zili anapiye, ndipo gawo lalikulu limatuluka m'zitosi. Munthu amene sanaguleko mankhwala a nsomba chibadwire angakhale akuwathira m'damu sabata iliyonse. Choncho ndimalemba khola limene zitosi zachokera, ndipo ngati nkhuku zili pamankhwala, zitosizo zimayamba zaunjikidwa kuti ziwolerane.

Chloramphenicol, mtundu wina wa maantibayotiki, sitimulola n'komwe, ngakhalenso makapisozi otsala kuchipatala. Ku Norway mu 1987 alimi a nsomba za salmon anathira matani pafupifupi 50 a maantibayotiki. Katemera atabwera, limodzi ndi kalembera wa mankhwala onse olamulidwa ndi madokotala, mlingowo unatsikiratu. Ife katemera wa makumba tilibe, ndiye timalimbikira kuumitsa damu tikakolola, kuwaza laimu pansi, ndi kusabwerekana khoka lisanaume padzuwa. Pakutha pa mwezi ndimawerenga kopelo pamsonkhano wa kalabu, mlangizi n'kujambula masambawo pafoni kupita nawo kuofesi ya boma.