Mmene Tinadutsira Paki ya Kruger pa Galimoto Yogonamo

Ndakhala ku Johannesburg zaka zingapo, ndipo m'mwezi wa Juni ine, mayi akunyumba ndi ana athu awiri tinabwereka galimoto yogonamo, imene kuno amaitcha motorhome, n'kuyenda nayo masiku 8 kudutsa paki ya Kruger kuchokera pachipata cha Malelane kummwera mpaka ku Punda Maria kumpoto. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1926 ndipo m'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 360, mtunda umene pamsewu wamba munthu angaumalize dzuwa lisanapendeke, koma m'nkhalango muno umafuna masiku.

Ntchito inayambira pa intaneti, miyezi ingapo tisananyamuke. Bungwe la SANParks, limene limayang'anira pakiyi, limayamba kulandira mayina miyezi 11 tsiku lisanafike, ndipo malo ogona a nthawi imene sukulu zatsekera amatha msanga. Ndinayamba ndasungitsa malo ku Skukuza, Satara, Letaba, Shingwedzi ndi Punda Maria, ndipo galimoto ndinaifunafuna pambuyo pake, chifukwa galimoto yopanda poiimika usiku ilibe ntchito. Paliponse ndinasankha malo okhala ndi magetsi, popeza misasa ina, monga Tsendze ndi Balule, ilibe polumikizira. Kuwonjezera pa ndalama yogonera pali ina yosamalira zachilengedwe, yolipira munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo nzika za maiko a SADC zimalipira yocheperapo kuyerekeza ndi alendo akutsidya la nyanja. Choncho musasiye mapasipoti anu a Malawi kunyumba, pakuti pachipata amawafunsa.

Tsiku lokatenga galimoto ndinakhala ndi mnyamata wa pakampanipo kwa ola lathunthu, ndipo sindikudandaula nalo olalo. Galimotoyo inali yosapitirira makilogalamu 3,500, motero laisensi yanga ya galimoto yaing'ono inakwanira. Tinaizungulira tonse awiri, ine ndikujambula pafoni paliponse pamene panakalika, kenako anandionetsa pothirira madzi m'thanki, potsegulira gasi, mmene furiji imasinthira kuchoka pa batire kupita pa magetsi a pamsasa, ndiponso kabokosi ka chimbudzi kamene kamasololedwa chakunja. Ndinafunsa mwachindunji ngati inshuwalansi imalola misewu yafumbi, ndipo msinkhu wa galimotoyo ndinaulemba pakapepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero, chifukwa nthambi ndi madenga a pothirira mafuta zimawononga magalimoto otere kawirikawiri.

Tinatuluka m'mawa kudzera pa N12, tinalowa mu N4 pa eMalahleni, tinalipira pa mageti a msonkho wa msewu, ndipo ku Mbombela tinagula ufa, nyemba, nyama, makala ndi madzi akumwa. Mankhwala oteteza ku malungo tinali titayamba kale kumwa monga anatilangizira adokotala, pakuti ana athu anakulira ku Gauteng ndipo matupi awo saudziwa udzudzu wa kuchigwa.

Chimene chimalamulira ulendo wonse m'kati mwa paki ndi nthawi ya zipata. M'mwezi wa Juni zimatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 5:30 madzulo, ndipo wochedwa akhoza kulipitsidwa chindapusa. Liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola pamsewu wa tala ndi 40 pamsewu wafumbi, koma ndithu palibe amene amayenda choncho tsiku lonse. Ine ndinalakwitsa pa tsiku lachitatu. Kuchokera ku Skukuza kukafika ku Satara ndi makilomita 90 ndi mphambu zochepa, ndiye ndinaganiza kuti maola awiri akwanira, ndipo tinanyamuka titadya nkhomaliro. Tinapuma pang'ono pa Tshokwane, koma titangopitirira tinapeza gulu la njovu ndi ana awo litaima pakati pa msewu. Galimoto yaitali chonchi sitembenuka msanga pamsewu wopapatiza, choncho ndinaima patali, injini ndinaisiya ikulira, ndipo tinadikira mpaka njovu yotsiriza italowa m'tchire. Tinafika pachipata kutatsala mphindi zochepa, mitima ili m'mwamba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawerengera makilomita 25 pa ola, ndipo tinkasamuka m'mawa kuti pofika 2 koloko masana tikhale tili pamsasa watsopano.

Kufika msanga kuli ndi phindu linanso, chifukwa pamisasa ikuluikulu imene tinagona sanatipatse nambala ya malo. Munthu amaonetsa chikalata ku ofesi, kenako amadzisankhira yekha poima. Ambiri amathamangira kumpanda kuti aone afisi akamadutsa usiku, koma ife, pokhala ndi ana, tinkafuna mthunzi, malo osapendekeka, ndi mtunda waufupi wopita kubafa. Ndinkayamba ndayang'ana pamene pali bokosi la magetsi, popeza chingwe chili ndi malire ake ndipo chimafuna pulagi yabuluu ija ya makaravani, kenako ndinkaika timatabwa pansi pa matayala mpaka galimoto itakhazikika bwino, chifukwa ikapendekeka madzi satsika m'sinki ndipo tulo sitibwera. Nsima tinkaphikira kukhitchini ya onse, kumene kuli mbaula zamagetsi ndi madzi owira kale, ndipo zimenezi zinatisungira gasi. Apusi ndi anyani amadziwa kutsegula mabokosi, motero chakudya chilichonse chinkabwerera m'galimoto tikangomaliza kudya. Kutola nkhuni m'tchire ndi kudyetsa nyama n'zoletsedwa, ndipo lamulo lachiwirili ndimaligwirizana nalo kwambiri, pakuti fisi wozolowera kuponyeredwa mafupa pampanda mapeto ake amaphedwa.

M'mawa uliwonse tinkatsata ndondomeko imodzi: kuzula chingwe, kutseka gasi, kukhoma timakabati tonse, kutsitsa mawindo a padenga, kudzaza thanki ya madzi, ndi kuchotsa timatabwa tija. Kabokosi ka chimbudzi ndinkakhuthula masiku awiri aliwonse pamalo amene ogwira ntchito pamsasa anandilozera, osadikira kuti kadzaze.

Kumpoto magalimoto amachepa ndipo malambe amachuluka, moti ana anati kukufanana ndi kwa agogo awo ku Mangochi. Tsiku lomaliza lathunthu m'paki tinachoka ku Punda Maria m'bandakucha kupita ku Pafuri, mpaka pa Crooks Corner, pamene mtsinje wa Luvuvhu umathira mu Limpopo ndipo malire a South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique amakumana. Chapafupi pomwepo pali nyumba zimene kale zinali za Wenela, polembera anthu opita kumigodi, ndipo ndinaima nthawi yaitali ndikufotokozera ana za amuna a kwathu amene anapita ku Joni pa Theba. Mawa lake tinatulukira njira ya Thohoyandou, tinalowa mu N1 pa Louis Trichardt, ndipo tinabweza galimoto madzulo, thanki ya mafuta ili yodzaza ndi chimbudzi chili chotsuka monga pangano linanenera.