Sindinasochere, Ndinangotsika Msanga

Popeza nkhaniyi yafika kale m'makutu mwa anthu ambiri, ndipo aliyense amene waimva akuithira mchere wake, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha isanawonongeke kotheratu. Si zoona kuti ndinalira. Si zoonanso kuti ndinagwada pamchenga n'kuvula chipewa pamaso pa mlambe poganiza kuti ndi tchalitchi chachikulu cha ku Likoma, ngakhale kuti alamu anga akufalitsa zimenezi pamaliro ndi paukwati pomwe. Zoti ndinanyamulidwa paphewa ndi mnyamata wamsinkhu wa mwana wanga wachitatu, nditavala suti ndi tayi, tambala ali m'khwapa, zimenezo zinachitikadi, koma panali zifukwa zomveka.

Mwana wa mlongo wanga anapeza mbeta ya ku Likoma, ndipo ine monga malume wake ndinayenera kukaima ngati nkhoswe. Iye anatsogola ndi sitima ya sabata yapitayo, ine ndinatsatira pamsewu mpaka ku Nkhata Bay kuti ndikakwere Ilala Lolemba madzulo. Ndine munthu wa ku Dedza, ndipo madzi aakulu amene ndinali nditawolokapo chibadwire ndi a mtsinje wa Linthipe, pamlatho, ndili m'basi. Ndinanyamula thumba la mbatata ya kachewere lolembedwa dzina langa, envulopu ya ndalama, ndi tambala wa pachinkhoswe amene ndinamusankha ndekha m'khola mwanga, chifukwa ndinamva kuti nkhuku za kunyanja zimakulira usipa ndipo msuzi wake umanunkha nsomba.

Sitimayo ndinaipatsa ulemu woyenera munthu wamkulu. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, kutanthauza kuti inayamba ntchito dziko lino likutchedwabe Nyasaland. Bambo wina wogulitsa usipa, amene ndinakhala naye pafupi m'chipinda chapansi pakati pa matumba a chimanga, malata, njinga ndi makreti a zakumwa, anandiwerengera madoko amene sitimayo inali itadutsa pochokera ku Chilumba: Mlowe, Tcharo, Ruarwe, Usisya, kenako Nkhata Bay. Anati ku Ruarwe mapiri amagwera m'nyanja mwenimweni, moti tsiku la sitima ndilo tsiku la msika, la makalata ndi la miseche yonse. Za madoko a kutsogolo sanandiuze, ndipo ine sindinafunse, pakuti zimenezo ndinkazidziwa kale.

Apa ndi pamene ndikupempha owerenga achilungamo kuti aganize mofatsa. Kuyambira ku pulayimale, aphunzitsi, wailesi ndi mabuku onse amanena kuti "Likoma ndi Chizumulu". Palibe munthu amene ndinamumvapo akutchula Chizumulu poyamba. Pamapu a m'kalasi mwathu zilumba ziwirizo zinali timadontho tiwiri timene chala cha aphunzitsi chinkatiphimba tonse nthawi imodzi. Munthu wophunzira bwino akanaganiza chiyani, kupatula kuti sitima imayamba yaima pa Likoma? Zimenezi n'zoonadi ukamachokera kumwera, ku Nkhotakota. Ukamachokera ku Nkhata Bay zimatembenuka, ndipo ndikuona kuti unduna woona za maphunziro uyenera kuliganizira bwino phunziro limeneli.

Unali mwezi wa July, nyengo ya mwera. Titangotuluka m'doko sitima inayamba kuwerama ndi kuweramuka, ndipo nsima ya kondowole ndi batala zimene ndinadya ku Nkhata Bay zinayamba kukambirana zobwerera kwawo. Mayi wina anandilangiza kuti ndiziyang'ana kutali kumene madzi amakumana ndi thambo, koma unali usiku wopanda mwezi ndipo kunalibe madzi kapena thambo loti n'kuliona. Ndinadziphimba kumutu ndi jekete, n'kukumbatira tambala wanga, n'kugona tulo ta munthu amene wapereka kale mzimu wake. Mboni zikunena kuti ogwira ntchito m'sitima anafuula dzina la doko kangapo konse. Sindikutsutsa. Jekete yanga ndi yaubweya wokhuthala.

Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa sitima ndi phokoso la unyolo wa nangula. Anthu anali piringupiringu, ndipo ndinagwira munthu wina pamkono n'kumufunsa momveka bwino kuti, "Kodi tafika pachilumba?" Iye anayankha kuti, "Eya, bambo, tafika." Munthu ameneyo sananame, ndipo inenso sindinafunse molakwa.

Pamalo pamenepo sitima sifika kumtunda. Imaima pakuya, n'kutsitsa maboti ake, ndipo anthu amatulukira pakhomo la m'mbali kutsikira m'boti limene mafunde akulikweza ndi kulitsitsa. Ndinavula nsapato, n'kuzimangirira m'khosi ndi zingwe zake, envulopu n'kuiluma ndi mano, ndipo ndinatsika mwaulemu wonse umene munthu angakhale nawo pamene bondo la mayi wina lili pakhutu pake ndipo mtolo wa malata ukudutsa pamutu pake. Thumba la mbatata ndinauza mnyamata wina kuti alitsitse m'boti lotsatira. Botilo linayenda pang'ono n'kuima, injini n'kuzima, anthu n'kuyamba kudumphira m'madzi ofika m'chiuno. Amayi anakwinya zitenje, ana kumbuyo, katundu pamutu, n'kumapita akucheza. Ine ndinatsala ndekha, ndi suti imene ndinasokera ukwati wa mwana wanga woyamba.

Pamenepo panafika mnyamata wowonda kwambiri, amene nthiti zake zinkawerengeka ndi kuwala kwa tochi, nati, "Madala, kwerani." Tinagwirizana mtengo. Ndiyenera kunena kuti thupi langa ndi la munthu amene Mulungu anamudalitsa ndi minda ya mbatata, ndipo nditakhala pamapewa ake ndinamva mnyamatayo akulowa mumchenga pang'onopang'ono ngati mtengo wa mpanda m'dothi lonyowa. Komabe anayenda. Anaponya phazi loyamba, lachiwiri, mpaka tinafika pakatikati pa boti ndi gombe, pamene madzi ankandinyambita zidendene. Pamenepo anaima.

"Madala," anatero, "mtengo uja unali wa munthu mmodzi."

Ndinayankha kudzera m'mphepete mwa envulopu kuti ndinalidi mmodzi.

"Nanga tambalayu? Ameneyu ndi pasinjala."

Ndinayesa kumufotokozera kuti ngakhale m'minibasi nkhuku yonyamula pamiyendo silipira, koma mawu anga ankatuluka ngati kung'ung'udza chabe, ndipo chikwama changa chinali m'thumba lakumbuyo la buluku, limene pa nthawiyo linali litatsamira pakhosi pa wondinyamulayo. Sindikanatha kulipira popanda kutsika, ndipo sindikanatha kutsika popanda kumira. Tili pa zokambirana zimenezi, kunatulukira mnzake wa mnyamatayo akuchokera kumtunda, atasenza thumba la usipa wopita kusitima. Anaima. Anapatsana moni. Sanapatsane moni wachidule wa m'tauni, koma moni weniweni wa kunyanja, wofunsa za agogo, za mwendo wa agogo, za ukonde umene unang'ambika Lachisanu, za amene anaung'amba, ndi za mtengo wa ndowa ya usipa ku Nkhata Bay poyerekeza ndi ku Nkhotakota. Ine ndinali pamwamba, ndikumvetsera theka la chiyankhulo chawo, nsapato zikundimenya pachifuwa nthawi iliyonse funde likadutsa.

Mnzakeyo anali mwana woleredwa bwino, choncho atamaliza anayang'ana kumwamba nati, "Nanga bambo, mwayenda bwanji?" Munthu wamkulu sakana moni. Ndinachotsa envulopu kukamwa ndi dzanja limene ndinagwirira mutu wa wondinyamula, n'kuyankha kuti ndayenda bwino, kaya iwo. Anafunsa kumene ndachokera. Ndinati ku Dedza. Anafunsa ngati kukuzizira. Ndinati kukuzizira ndithu. Anafunsa za amayi kunyumba ndi ana, ndipo ndinawatchula onse mmodzimmodzi, ndikugwedezeka uku ndi uku, tayi ili paphewa, ndikuyankhula ndi mawu omwe ndimayankhulira pamsonkhano wa komiti ya tchalitchi.

Nthawi yomweyo tambala, amene anakhala chete kuchokera ku Dedza, anaona matochi a pagombe n'kuganiza kuti kwacha. Anatulutsa mutu m'khwapa mwanga, natambasula khosi, nalira ndi mphamvu zake zonse pakati pa usiku. Matochi onse a pagombe, amene ankafunafuna abale ndi katundu, anatembenukira kwa ine nthawi imodzi. Ndikukhulupirira kuti ngakhale asodzi a ku Mozambique anandiona. Gogo wina wamkazi amene ankadutsa pambali pathu, madzi ali m'chifuwa, thumba la ufa lili pamutu, anaima n'kufunsa mwachifundo kuti, "Pepani, odwalawa mukupita nawo kuchipatala?" Mnyamata uja anayankha kuti, "Iyayi agogo, ali bwinobwino, ndi a kumtunda." Gogoyo anati, "Ooo," ndi mawu achisoni kuposa poyamba, napitirira.

Ndinavomera kulipirira tambala theka la mtengo wa munthu. Pofuna kutsimikiza panganolo mnyamatayo anandidzutsa pang'ono ndi mapewa kuti andikhazike bwino, ndipo msoko wa buluku langa unalankhula kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

Atanditula pamchenga ndinavala nsapato, ndinakonza tayi, ndinamanga jekete m'chiuno, n'kukaima pansi pa mlambe kudikira mwana wa mlongo wanga. Anthu akufunsa chifukwa chimene sindinabwerere m'sitima, popeza inakhalapo nthawi yaitali ikutsitsa ndi kukweza katundu. Yankho ndi lakuti munthu amene wafika sabwerera. Ndinaima pamenepo ndikukonza mumtima mawu odzudzula achinyamata amakono osasunga nthawi. Sitima italira n'kuyamba kuchoka, magetsi ake akuyenda pamadzi, ndinaikweza dzanja kuitsanzika, ndipo anthu ena a pamwamba anandibayibitsanso. Kenako ndinaimba foni.

"Amalume, muli pati?"

"Ndili pagombe. Iwe uli kuti?"

"Ifenso tili pagombe, tikudikira sitima."

"Sitima iti? Sitima yapita."

Panakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Amalume, mukuona chiyani pamene mulipo?" Ndinati ndikuona mlambe. Iye anati milambe ili paliponse. Ndinaitana mnyamata wondinyamula uja, amene ankadikirabe ndalama ya tambala, n'kumufunsa njira ya ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kuloza kutsidya kwa madzi, kumene timagetsi tochepa tinkaphethira, komwenso sitima inkalowera ndi mbatata yanga.

Za anthu a ku Chizumulu sindinganene choipa. Mnyamatayo anandipititsa kwa agogo ake, omwe aja a mwendo, ndipo ngakhale unali usiku anandipatsa mphasa ndi chofunda, m'mawa n'kundiphikira kondowole ndi utaka. Buluku langa analisoka ndi ulusi wokonzera ukonde, ine nditakhala kuseri kwa nyumba nditavala chitenje cha maluwa, ana a m'mudzi monse atandizungulira mwakachetechete. Chilumbacho n'chaching'ono, munthu akhoza kuchizungulira wapansi tsiku lisanapendeke, choncho pofika nthawi ya tiyi panalibe munthu amene sanabwere kudzaona bambo wa tambala. Ena anabwera kawiri. Tambala mwiniwakeyo anapezana ndi tambala wa pakhomopo m'bandakucha, ndipo zimene ndinamva zoti nkhuku zodya usipa n'zofooka zinali zabodza.

Tinawolokera ku Likoma masana paboti la matabwa la asodzi, mwera utachepako, ine nditagona chafufumimba pamaukonde. Mbatata inali itafika kale usiku, inalandiridwa bwino, ndipo ina inali itadyedwa. Tchalitchi chija ndinachionadi. Amishoni a Anglican anayamba kuchimanga mu 1903, ndipo n'chachikulu moti munthu wamaso awiri sangachisokoneze ndi mlambe, usiku kapena usana, mfundo imene ndikupempha alamu anga aisunge.

Chinkhoswe chinayenda bwino. Ndinapereka tambala wopanda nthenga za kumchira ndi diso limodzi lotupa, akuchikazi anapereka msoti wawo, ndipo tinalangiza ana. Nkhoswe ya kuchikazi, poyankhula, inathokoza akuchimuna chifukwa chotumiza munthu wosamala, amene sanafune kulowa m'banja asanayendere boma lonse la Likoma, zilumba zonse ziwiri, kuti aone ngati kuli anthu abwino. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene mawuwo ankafunikira, ndipo amayi ena anachita kutuluka panja.

Msoko wa ulusi wa ukonde uja ukadalipo ndipo ndi wolimba kuposa wa telala, kungoti ndi wobiriwira. Mnyamata uja amandiflasha Lolemba lililonse usiku sitima ikafika kwawo. Akuti theka limene tinagwirizana linali la tambala wachete, ndipo kulira kuja kunali ndi mtengo wake. Ndinamuuza kuti ndidzafunsa kaye kwa ankhoswe anzanga.