Loweruka ku Ruo: kulondola linthumbu kuti tione Thyolo Alethe

Tinanyamuka pa boma la Mulanje kukadali mdima, ine, mwana wa mchemwali wanga amene ali Fomu 2, ndi bambo wina wa m'mphepete mwa phiri amene amaperekeza anthu okaona mbalame. Chiperoni chinagona usiku wonse. Kamvula kowaza kaja ka mwezi wa July, kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Phiri silinkaoneka n'komwe. Tinatsata msewu wa ku Muloza, kenako n'kukhotera kumanzere kulowa m'minda ya tiyi ya ku Lujeri. Pageti tinapereka moni, tinafotokoza chomwe tadzera, alonda n'kutitsegulira. Ino ndi nyengo yodulira tiyi, ndiye minda ina inali yometedwa, ina yobiriwirabe.

Chomwe tinadzera ndi mbalame imodzi, Thyolo Alethe. Pa dziko lonse lapansi imapezeka m'nkhalango zamvula za kuno kum'mwera kwa Malawi ndi pamapiri ochepa a kumpoto kwa Mozambique, monga Namuli, Mabu ndi Chiperone, komwe kumachokera nkhungu yomwe inatikuta lero. Akatswiri anailemba koyamba m'mabuku mu 1927, ataipeza paphiri la Thyolo. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya ndi ku South Africa kudzaiona, pomwe ife a ku Blantyre, amene minibasi imodzi yokha imatifikitsa kuno, ambiri sitinamveko n'komwe kuti iliko. Zimenezi zimandiwawa, n'chifukwa chake ndinamutenga mnyamatayu.

Pomwe tiyi wathera, nkhalango imangoyamba nthawi yomweyo, popanda tchire lapakati. Ukangolowa, kuwala kumachepa, mphepo imaleka, fungo la masamba owola limakulonjera. Mitengo ya mkweranyani yatalika mpaka khosi kuwawa, mizu yake yotambalala m'munsi, makungwa atakutidwa ndi ndere. Kumunsi mtsinje wa Ruo ukulindima m'miyala. Madzi omwewa ndi amene amapukusa makina a magetsi a pa esiteti, akatero amatsika kukakhala malire athu ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire ku Chiromo.

Ine ndi mnyamata maso anali m'mwamba. Otiperekeza aja maso pansi, akuyenda pang'onopang'ono, nthawi zina n'kutembenuza tsamba ndi kamtengo.

"Amalume," mnyamata anandinong'oneza, "mbalame zili m'mitengo, nanga bambowa akusakanji pansi?"

Anamumva. "Ndikusaka linthumbu, mwanawe. Tikapeza linthumbu, ndiye kuti mbalame ya amalume akoyi taipeza."

Nkhani yake ili apa. Linthumbu likamasaka chakudya silimayenda pamzere umodzi wokha ngati momwe timalionera likamadutsa msewu. Limamwazikana, n'kukuta malo aakulu, kulowa pansi pa tsamba lililonse ndi m'chikuni chilichonse chowola. Tizilombo tonse tokhala m'menemo, akangaude, mphemvu za m'tchire, tiziwala, nkhululu, timatuluka liwiro kuthawa imfa. Alethe imakhala pakanthambi kotsika, patsogolo pa gululo, n'kumangotola zothawazo. Si linthumbu lenilenilo limene imalifuna kwambiri, koma zomwe linthumbulo lavumbulutsa. Ndipo linthumbu lotere limafuna nthaka yachinyezi, yamthunzi, ya masamba okhuthala. Ukagwetsa mitengo ikuluikulu, dzuwa limafika pansi, masamba amauma, linthumbu limasamuka, mbalame nayo imatha. Kudzala bulugamu kapena paini pamalopo sikuibweza. Imafuna nkhalango yeniyeni, yotsekeka pamwamba, yonyowa pansi.

Linthumbu silinapezeke msanga. Koma m'nkhalango simusowa chokuimitsa. Nkhulukulu inadumpha kuchoka pamtengo wina kupita pa unzake, mapiko ake ofiira psuu n'kung'anima kamodzi kokha m'nkhungu muja. Gulu la anchima linatidutsa pamwamba, likutigwetsera madontho ndi timitengo. Kenako, cha m'ma 8 koloko, bambo aja anaima, chala m'mwamba. M'ziyangoyango munali kambalame kakang'ono kosakhazikika, kapakhosi pachikasu, kamzere kakuda kopingasa pachifuwa, diso loyera. Yellow-throated Apalis. Kameneka ndi kathukathu: kamapezeka ku Mulanje, ku Zomba ndi ku Malosa basi, kunja kwa Malawi kulibe. Ndinamupatsa mnyamata bayinokulasi. Anavutika kaye kuilunjikitsa, kenako ndinangomva, "Ndakaona! Amalume, ndakaona!" Bambo aja anamugwira paphewa kuti atsitse mawu, koma nawo ankamwetulira.

Tinakwera ndithu, njira yoterera, nsapato zitalemera ndi matope. Nthawi itapitirira 10 koloko, tinamva kaye tisanaone kanthu: kaphokoso kosalekeza m'masamba ouma a pansi pa thanthwe, kuti waaa, chikhalirecho mvula inali italeka. Bambo aja anati, "Achimwene, pisani buluku m'masokosi. Mwanawe, iwenso. Ndipo pomwe ndikuimikenipo musasunthe."

Pansi ponse panali pakuyenda. Linthumbu lofiirira, lina laling'ono, lina la mitu ikuluikulu litayasamula mano m'mbali mwa njira zake. Kangaude wina anakwera pakamtengo, linthumbu n'kumutsata konko. Tinaima chapatali pang'ono, kumbuyo kwa tsinde. Poyamba kunabwera timbalame tina ta m'nkhalango, kutola, kuthawa. Ife phee. Miyendo inayamba dzanzi. Sindinayang'ane wotchi, koma tinakhalitsa.

Ndiye inangotulukira. Sindinaione ikubwera, ndinangozindikira kuti pakanthambi kopingasa, mwina kutalika kwa bondo kuchokera pansi, pali mbalame. Kukula kwake ngati pumbwa, koma yonenepa pachifuwa ndi yamiyendo yayitali yotuwira. Msana wofiirira ngati dothi la katondo. Nkhope yotuwa, diso lalikulu lakuda. Pakhosi poyera mbee, moti mumdima wa m'nkhalango muja pakhosipo ndi pomwe panayamba kuoneka, thupi lonse pambuyo. Inaima njo, mutu utapendekeka, ikuyang'ana pansi. Kenako tsi, yatsika, yatola kanthu, yabwerera pakanthambi kena. Potembenuka inatambasula mchira wakuda, ndipo ndinaona bwinobwino mawanga oyera a kunsonga kwake, chizindikiro chomwe ndakhala ndikuchiona pazithunzi zokha. Inathamangitsa kambalame kena komwe kanayandikira. Inatsikanso, ulendo uno n'kugwedeza phazi msangamsanga kuchotsa linthumbu lomwe linaikwera.

Sindinajambule. Kamera inali m'chikwama ndipo sindinafune kuti zipi aithawitse. Ndinangosuntha mutu wa mnyamata ndi dzanja langa kuti ayang'ane pomwe ndikuyang'ana. Ndinamva thupi lake likuuma gwa, ndipo ndinadziwa kuti waiona.

Linthumbu linatipeza ndithu. Linadzera kumbuyo, ndipo limaluma likafika kale pamwamba. Tinathawira kumunsi, tikudzithothola m'miyendo. La mitu ikuluikulu lija ukalikoka thupi limaduka, mutu n'kutsalira pakhungu. Mnyamata misozi inalengeza, koma funso lake loyamba linali lakuti tingabwererenso pamalo paja kapena ayi.

Tikupuma pamwala m'mbali mwa mtsinje, tikudya mbatata yophika ndi chinanazi chomwe tinagula dzulo pamsewu, ndinawafunsa bambo aja chifukwa chomwe sanaiitane ndi foni. Ambiri masiku ano amatero: amaliza kulira kwa mbalame pasipika, yamphongo n'kubwera mwaukali poganiza kuti ina yalowa m'dera lake. Anapukusa mutu. "Alendo ena amandikakamiza, achimwene, poti ali ndi tsiku limodzi lokha. Koma taganizani, mbalame zake ndi zomwezi, malo ake ndi omwewa. Uyu aiitane lero, wina mawa, wina mkuja. Idya nthawi yanji?" Ndikugwirizana nawo kotheratu. Mbalame yosowa chonchi, yopanikizika kale m'kachigwa kamodzi, si yoti tiziivutitsa pofuna chithunzi cha pa Facebook. Amene wabwera kudzaiona adikire linthumbu.

Anatiuzanso kuti ali mwana ankayenda ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'chitini, ndipo kulira kwa mbalame anakuphunzira nthawi imeneyo. Lero khutu lomwelo ndi limene likulipirira ana awo sukulu. Kenako analoza kum'mawa, komwe nkhungu inali itayamba kung'ambika. "Uko kunali Chisongeli. Munthu umalowa m'mawa, dzuwa osaliona mpaka kutuluka." Nkhalango imeneyo inali yaikulu kuposa ino kutalitali. Inagwetsedwa pang'onopang'ono, makamaka zaka zomwe anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza m'malire muno, aliyense akufuna pomanga, polima ndi nkhuni. Ya paphiri la Thyolo nayo inapita, anthu analima mpaka pamwamba. Kwatsala tizigawo tating'ono m'maesiteti a tiyi.

Akuyankhula choncho, nkhwangwa inkamveka kutsidya, kumtunda. Go, go, go. Palibe anayankhulapo. Potsika tinakumana ndi amayi atatu atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, mmodzi ali ndi mwana kumbuyo. "Mwaswera bwanji, amayi?" "Taswera, kaya inu, bambo." Sindingawaloze chala amayi amenewa. Nkhuni zouma zapamutu si zomwe zimamaliza nkhalango. Chomwe chimaimaliza ndi macheka a matabwa ndi mauvuni a makala, ndipo matumba a makalawo amathera m'mbaula zathu ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, chaka chomwecho mbalameyi inalembedwa, koma lamulo lapapepala silithimitsa uvuni ngati m'tauni mulibe chophikira china chotsika mtengo.

Madzulo nkhungu itachoka, zipsera za namondwe Freddy zinaoneka m'mbali mwa phiri, mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba, pomwe nthaka ndi miyala zinakokoloka mu March 2023 n'kukwirira midzi. Bambo aja anaziyang'ana nthawi yaitali. Sindinawafunse kanthu.

M'galimoto mnyamata anafuna kudziwa ngati mbalameyi idzatheretu. Ndinamuuza za Mabu. Phiri limenelo lili ku Zambezia, kutsidya kwa malire, ndipo anthu okhala kumeneko ankalidziwa kuyambira kale, koma asayansi analizindikira mu 2005 pomwe Julian Bayliss, amene ankagwira ntchito kuno ku Mulanje, anaona banga lobiriwira pa Google Earth. Atapitako ndi anzake mu 2008, anapeza nkhalango ya mahekitala oposa 7,000 ili yosakhudzidwa, ndipo Alethe inalimo yambiri. Ndiye chiyembekezo chilipo. Koma ndinamuuzanso kuti sindikufuna kuti iyeyo akadzakula azidzadula pasipoti kuti akaone mbalame yomwe lero waionera kwawo.

Pano wagona, atalemba m'kope lake mayina onse a mbalame zomwe taona, ena molakwika, ndipo ndawasiya choncho kuti mawa akonze yekha ndi buku. Nsapato taziyanika pafupi ndi mbaula ya alonda. Mawa tidzuka 4 koloko kupita ku Thyolo, kukayesa mwayi m'tizigawo totsala tija. Kumeneko tikufuna White-winged Apalis, yomwe imakhala pamwamba penipeni pa mitengo, ndi Green-headed Oriole. Bambo aja akuti ngati chiperoni chibwerenso usiku uno, tisavutike kulawirira, chifukwa za m'mwambazo sizioneka m'nkhungu.