Nsima ya ku Lanzhou

Eya, ndi zoona, apongozi anga anapita nawo kuchigayo katundu wanga wa ku China. Inu amene mwayamba kunditchula kuti Bwana Maluwa pa gulu lathu la WhatsApp, sekani mumalize, koma nkhaniyi muimve kwa mwini wake.

Poyambirira pomwe, sanali maluwa. Ndi mizu ya duwa la lily, yozungulira ngati anyezi, imene amaibenthula m'timagawo n'kuyanika. Eni ake amati baihe. Ndinaiona kumsika wa Qingping ku Guangzhou tsiku limene ndinali nditamaliza kuoda machaja ndi makava a foni, ndalama zotsala zikundiyabwa m'thumba. Mayi wina wogulitsa anandithirira msuzi wotsekemera m'kakapu, muli timagawo toyera tofewa ndi njere za duwa la m'madzi lotchedwa lotus. Kudzera pa foni yomasulira anandiuza kuti yabwino imachokera ku Lanzhou m'chigawo cha Gansu, kuti imakhala m'nthaka zaka zingapo isanakumbidwe, kuti amaphikira anthu a chifuwa ndi osowa tulo, ndiponso kuti pa ukwati imakondedwa chifukwa dzina lake limakumbutsa mawu ofunira banja zaka 100 za mgwirizano. Ine zonsezo zinkangodutsa. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: ku Lilongwe kwadzadza Matchaina, omanga misewu, a malo odyera, ndipo palibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe akuwagulitsa zimenezi. Ndinaoda makilogalamu 20. Pokwera ndege n'kuti nditawerengetsa kale malata a nyumba.

Katundu anafika pa kontena patatha miyezi iwiri. Ndinavala jekete n'kupita nazo kwa mwini malo odyera wina. Bamboyo anatola kagawo kamodzi, kukanunkhiza, kukayang'ana padzuwa, kenako n'kundiyang'ana ine ngati mwana wake walephera mayeso. Anati zayera kwambiri, ndiye kuti anazifukiza ndi mankhwala oyeretsera otchedwa sulfure, zenizeni zimakhala zachikasu pang'ono. Anawonjeza kuti zake amamutumizira mlongo wake. Anandipatsa tiyi waulere.

Katoni imene zinabweramo inanyowa ndi mvula, ndiye ndinakhuthulira zonse m'thumba la fetereza n'kuliimika m'sitolo pafupi ndi chimanga. Pano ndi pamene mkazi wanga akuti ndinalakwitsa, akuti ndikanalemba pathumbapo. Kodi inu m'nyumba mwanu mumalemba pa matumba?

Apongozi anabwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzadikirira kubadwa kwa mdzukulu. Mukudziwa anthu a kunyanja, nsima ya chimanga amangoipirira, mtima wawo uli pa kondowole. Tsiku lachitatu anatsegula sitolo, kuona thumba lodzadza tizinthu toyera touma, n'kunena okha kuti ana awa ali ndi makaka oyera chonchi n'kumandizunza ndi mgaiwa. Anaitana wakabaza.

Madzulo ndikufika, nyumba yonse ikununkhira usipa. Ndinasamba m'manja, mkazi wanga n'kuvundukula mbale. Nsimayo siinali mitanda ayi. Inali itagona m'mbalemo ngati munthu wokomoka, yonyezimira, ikunjenjemera ukagwedeza tebulo. Ndinatapa mbamu, n'kutsetsereka pakati pa zala. Ndinatapanso, nkhondo. Kachitatu ndinaigwira ndi manja awiri n'kuiponya m'kamwa. Kutsekemera pang'ono, kuwawasa pang'ono, ndi kafungo ka machesi ongozimitsa. Lilime langa linaizindikira mutu usanadziwe. Ndinayang'ana chitseko cha sitolo, chinali chotsegula. Ndinayang'ana mkazi wanga, iye n'kuyang'ana usipa.

Apongozi ali pamkeka chapatali, monga mwa ulemu, anati: "Akamwini, makaka anu aja anakunyengani. Chinangwa chake n'chofooka, sichigwira. Ndavundula mpaka mkono kuwawa."

Tsono munthu uyankha chiyani? Apongozi sutsutsana nawo, ndiponso akuphikira ndi mtima wonse. Ndinati zikomo amayi, yakoma kwambiri. Ndinapitiriza kudya, mbamu iliyonse ndikuiwerengera mtengo. Iyi ndi lata limodzi. Iyi ndi misomali. Iyi yagwa pansiyi ndi chitseko chakumaso, ndipo galu wachinyambita. Mphwanga wa Fomu 2, amene mimba yake ilibe pansi, anadya zipinda ziwiri ndi khonde, n'kupemphanso ina. Sindikukokomeza, ndinaona mawindo a galasi akutsetsereka pakhosi pake limodzi ndi mutu wa usipa. Apongozi poona kuti ndadya ndi misozi m'maso anaganiza kuti ndasowa nsima yakumudzi, n'kundiwonjezera chipande china.

Zoti anagayitsa thumba lonse ndinazidziwa m'mawa. Wachigayo akuti anadandaula kuti makina ake anamata, ndipo amayi atatu amene anagayitsa pambuyo pawo anapita kwawo ndi ufa wokoma mwachilendo. Ndiye kuti theka la dera lathu linalawa chakudya cha ku Gansu mwaulere.

Koma tinene chilungamo, nzeru ija siinali yoipa. Msika ulipo ndithu, ndinangolakwitsa mtundu wa katundu, ndipo ndani wa inu akanadziwa za sulfure? Ena a inu munaoda nsapato za phazi lamanzere lokhalokha, sitinakupatseni dzina.

Ufa wotsala tikupatsa nkhuku, nazonso zikudya monyinyirika. Usiku umene uja ndinagona tulo tofa nato, kaya ndi mankhwala aja mayi wa ku Qingping ankanena, kaya ndi chisoni. Apongozi akuti chifuwa chawo chasiya, ndipo ulendo wina ndikapita ndiwabweretsereko, koma ndisankhe chinangwa chokhwima.