Hutala yangoti zii, koma mita ikuti magetsi alipo

Loweruka m'mawa

Ntchito ya mapaipi a rediyeta yomwe ndinali nayo pa galimoto yanga ndaiika kaye pambali. Hutala yasiyiratu kulira, ndipo pa Boma la Mangochi pano galimoto yopanda hutala ndi yongoimika pansi pa mtengo basi. Tayesani kudutsa pa chipilala cha wotchi kulowera pa mlatho wa Bakili Muluzi cha m'ma 7 koloko, akabaza atadzaza mbali zonse, wina atanyamula dengu la usipa lotambalala kuposa njinga yake, muone ngati mungafike tsidya ndi mabuleki okha. Msewu wokwera ku Namwera ndiye sindingauyerekeze n'komwe, makona ake aja amafuna uchenjeze mnzako usanamuone. Komanso COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yatsala pang'ono kutha, ndipo kokayezetsa amakuuza ulize hutala iwo ali pomwepo.

Sinafe mwadzidzidzi. Kuyambira nthawi ya mvula mawu ake anali atachepa, kenaka inayamba kudumphiza, lero yalira mawa yakana, mpaka sabata ino kungoti zii. Aneba atandiona ndatsegula boneti anangoti, "Achimwene, musadzivute, kaguleni ina, ndi bawuti imodzi basi." N'zoonadi, ndi bawuti imodzi. Koma hutala imakhala kumapeto kwa mzere wautali, ndiye ngati vuto lili pena, yatsopanoyo ingodzakhalanso chete ndalama itapita kale.

Mzerewo uli chonchi. Magetsi amachoka ku batire, n'kudutsa pa fyuzi, n'kukadikira pa relay, kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi. Batani la pachiwongolero silinyamula magetsi a hutala ayi, ntchito yake ndi kungogunditsa kawaya kakang'ono ku chitsulo cha galimoto kuti relay itseke. Relay ikatseka, magetsi ambiri aja ndi pomwe amapita ku hutala, ndipo akamaliza amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, chomwe amakaniko amati earth. Galimoto yanga ndi yakale, ya ku Japan, ndipo ili ndi hutala ziwiri zobulungira kutsogolo kwa rediyeta, ina yolembedwa H ya mawu ang'ono, ina L ya mawu aakulu. Iliyonse ili ndi waya mmodzi yekha. Njira yobwerera ndi kachitsulo komwe kaigwirizira ndi bawuti yake.

Fyuzi sinandichedwetse. Pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi la mu boneti pali mapu, ndipo yolembedwa HORN ndi yofiira, ya 10A. Ndinaizula, kawaya ka mkati kali bwinobwino, mita yoyezera magetsi nayo inavomereza. Pa galimoto zina zakale hutala imagawana fyuzi ndi mahazadi, pamalembedwa HAZ-HORN, ndiye mahazadi akamayaka mwadziwa kale kuti fyuziyo ndi yamoyo. Ndinapezerapo mwayi woyang'ana zinazo, ndipo pa malo ena ndinapeza yachikasu ya 20A pomwe mapu akuti pakhale yabuluu ya 15A. Ndaisintha. Khalidwe lokweza fyuzi, kapena kukulunga kawaya ka kopa pa fyuzi yopsa, ine sindigwirizana nalo ngakhale pang'ono. Fyuzi anaiika kuti ipse iyoyo mawaya asanapse.

Pa relay panafunika munthu wachiwiri, ndiye ndinaitana mwana wa mlongo wanga amene ali pa holide kuno. Ndinamukhazika pa mpando wa dalaivala, ine n'kugwira ka relay kaja ndi chala.

"Dina."

"Ndadina, malume. Sikulira."

"Ndikudziwa kuti sikulira, iwe uzingodina n'kusiya, kudina n'kusiya."

Pansi pa chala changa kanali kugunda, kha, kha, kha. Mtima unakhala pansi, chifukwa kugunda kumeneko kukutanthauza kuti batani lili bwino, komanso clock spring ili bwino. Kwa amene simunatsegulepo chiwongolero, clock spring ndi lamba wopyapyala wa mawaya wokulungidwa kuseri kwake, amene amalola chiwongolero kuzungulira mawaya osaduka. Akaduka, hutala imafa kapena imalira pokhapokha mwakhotetsa chiwongolero mbali ina, ndipo kawirikawiri nyali ya airbag imayaka pa dashibodi chifukwa mawaya a airbag amadutsanso momwemo. Ntchito imeneyo si yosewera nayo. Umachotsa kaye waya wa negetivu pa batire, n'kudikira masekondi osachepera 90, ndipo mapulagi achikasu a airbag sayezedwa ndi mita. Ndinasangalala kuti kumeneko sindifikako.

Kugunda kwa relay sikutsimikiza kuti tizitsulo ta mkati timene timadutsitsa magetsi ambiri tili bwino, timatha kupsa iyo ikugundabe. Mwamwayi m'bokosimo muli ina ya nambala yofanana ndendende, ndiye ndinangozisinthanitsa. Palibe chinasintha. 

Kenaka ndinagona pansi pa bampala, n'kuzula pulagi ya hutala ya H, n'kuikapo mita. Batire linali pa mavolti 12.5. Mnyamata atadina, pa pulagi panafika 12.4. Ndinatembenuza mita kuiika pa kabelu kaja koyezera ngati njira ilipo, nsonga ina pa thupi la hutala, ina pa negetivu ya batire. Inalira, tiii. Mwa mawerengedwe a mita, magetsi akufika, earth ilipo, ndiye yafa ndi hutala. Dzuwa linali litakwera, simenti yayamba kuotcha msana, ndinasiyira pomwepo.

Loweruka madzulo

Ndinamasula hutala zonse ziwiri. Mabawuti anali atagwira dzimbiri moti ndinachita kuwanyowetsa kaye ndi mafuta opopera aja. Kuti ndingotsimikiza ndisanakagule, ndinatenga mawaya awiri, wina kuchoka ku pozitivu ya batire kudzera pa fyuzi ya 10A kupita pa kamwendo ka hutala, wina kuchoka ku negetivu kukagunda pa thupi lake pomwe ndinapala pang'ono.

Ya H inakuwa mwakuti nkhuku zonse pabwalo zinabalalika, mayi a kunyumba n'kutuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Yamoyo ndithu. Ya L ndiye sinachite kanthu, ngakhale kamoto kothetheka pogunditsa waya sikanaoneke. Nditaigwedeza munatuluka timchenga ndi fumbi lofiira. Apa ndinamvetsa mbiri ya matendawa: L inafa kale nthawi ya mvula, ndi chifukwa chake mawu anachepa, ndipo H yakhala ikulira yokha mpaka nayonso china chake chitaitsekera njira. Funso linatsala ndi lakuti, bwanji ikulira pa batire koma pa galimoto ayi, pomwe mita inati zonse zili bwino?

Lamulungu masana

Ndinaibwezera H pamalo pake momwe inalili, bawuti yomweyo, osapala kalikonse, n'kulumikiza pulagi. Ulendo uno ndinayeza hutala ili yolumikizidwa, mnyamata atadina osasiya. Pa kamwendo ka pozitivu, mavolti 12 ndi kanthu. Kenaka ndinagunditsa nsonga yofiira pa thupi la hutala, yakuda ikadali pa negetivu ya batire. Pamenepa pamayenera kuoneka pafupifupi ziro, chifukwa thupi la hutala ndi negetivu ya batire ziyenera kukhala chinthu chimodzi. Mita inaonetsa 11.

Wakuba uja ndi ameneyu. Magetsi amalowa mu hutala koma amakanirira pa bawuti, pakati pa kachitsulo kogwirizira ndi chitsulo cha galimoto, pomwe dzimbiri linamanga chikhakha. Pa mavolti 12 aja, hutala imangolandirapo limodzi.

Nanga mita inalirira chiyani dzulo? Mita ikamayeza njira imatumiza timagetsi tochepa kwambiri, ndipo zambiri zimalira ngakhale panjirapo pali chotchinga cha ma ohm 20 kapena 30. Timagetsi timeneto timadutsa pa dzimbiri popanda vuto. Koma hutala payokha ili ndi ma ohm awiri kapena kucheperapo, ndipo imafuna ma amp angapo nthawi imodzi. Ikani ma ohm 20 a dzimbiri pa mzere umodzi ndi ma ohm awiri a hutala, muona kuti pafupifupi mavolti onse akuthera pa dzimbiripo. Zili ngati paipi yotsekeka ndi matope: ukangodontheza madzi amadutsa, ukatsegula mpopi wonse amabwerera. Ngakhale 12.4 ya pa pulagi yozula ija sinanene zambiri, chifukwa waya wotsala ndi kaulusi kamodzi kokha amaonetsanso 12.4 bola pasakhale chokoka magetsi. Muyeso wokhulupirika ndi umene watengedwa chinthucho chikuyesa kugwira ntchito.

N'chifukwa chake akuluakulu okonza magetsi a galimoto ambiri amakondabe tesita ya babu. Babu la indiketa la 21W limakoka pafupifupi ma amp awiri, ndiye njira ikakhala yofooka limangoyaka mwa chizimezime kapena osayaka n'komwe, ndipo maso amakuuza pomwepo. Ndawotcherera mawaya awiri pa babu lakale, lalowa m'bokosi la zida. Kungoti tesita yotereyi ndi ya mawaya wamba monga a nyali ndi hutala, osati opita ku kompyuta ya injini kapena ku airbag.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Sandipepala pa kachitsulo mbali zonse ziwiri, sandipepala pa chitsulo cha galimoto mpaka pangoti mbee, bawuti yatsopano, washala wa mano uja kuti alume chitsulo, n'kumanga. Girisi ndinapaka pamwamba nditamanga kale, kuti madzi asalowenso. Pulagi nayo inali yobiriwira pang'ono mkati, ndinaipala n'kuifinya ndi pulayasi kuti igwire zolimba. Mnyamata atadina, anadzidzimuka yekha mpaka kuchotsa dzanja. Ndinayezanso pa thupi la hutala ikulira: 0.1.

Dzimbiri limeneli silinachokere kutali. Malo amenewa amalandira matope onse a mumsewu, ndipo misewu yafumbi yopita kugombe nthawi ya dzinja mukuidziwa. Matope akamatirira kuseri kwa kachitsulo amasunga chinyontho masiku ambiri. Onjezani anyamata otsuka galimoto, amene amakonda kukhuthulira ndowa yonse kutsogolo kwa rediyeta. Sindikuwanena, galimoto imawala ndithu, koma ndiziwauza kuti pamenepo azipitapo ndi nsanza.

Pakati pa sabata, usiku

L ili pa tebulo. Ikanatha kupita kudzala, koma ndimafuna ndione ngati ingadzuke, ndipo mbali imeneyi ndi imene imandikomera kwambiri.

Mkati mwa hutala yotereyi mulibe zambiri. Muli koyilo ya waya wokulungidwa, kambale kachitsulo kopyapyala, ndi tizitsulo tiwiri togundana tomwe amati mapointi. Magetsi akalowa, koyilo imasanduka maginito n'kukoka kambale. Kambale kakasuntha kamatsegula mapointi, magetsi n'kuduka, maginito n'kutha, kambale n'kubwerera, mapointi n'kugundananso. Zimenezi zimachitika ka 400 mpaka 500 pa sekondi imodzi, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiwo mawu amene timamva. H imanjenjemera mofulumirirapo kuposa L, ndiye zikalira pamodzi mawu amadzaza bwino. Mapointi akachita dzimbiri magetsi sayamba n'komwe kuyenda, ndiye chifukwa chake panalibe ngakhale kamoto.

Kumbuyo kwake kuli kasikuluwu kamodzi kokhala ndi nati yotsekera, kamene kamakankha mapointi. Ndinaika chizindikiro ndi penti ya zikhadabo pomwe kanali, n'kumasula nati, n'kumakazunguza uku ndi uku kuti mapointi akhulane. Kenaka ndinalumikiza ku batire n'kuigogoda pambali ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Poyamba palibe. Nditagogoda mwamphamvuko inangoti khrr, n'kusiya. Ndinapitiriza kuzunguza pang'onopang'ono, osapitirira kota nthawi imodzi, ndikuyesa pakati pake. Pali kamalo kochepa kwambiri pomwe imalira. Ukapitirira mbali ina imangoti kho kamodzi n'kuyamba kutentha, ndipo apo uchotse waya msanga koyilo isanapse. Ukabwerera kwambiri imakhalanso chete. Ndinakapeza kamaloko, ndinamanga nati, ndipo ikulira, ngakhale mawu ake ndi osasa ndipo nthawi zina imafuna kuigogoda kaye.

Yotere sindingaibwezere pa galimoto yokayezetsa. M'mphepete mwake anachita kupinda chitsulo, si ya masikuluwu, ndiye kuti ndifike pa mapointi ndi sandipepala yosalala ndiyenera kuwongola mkombero wonse, ndipo sindikhulupirira kuti ikatsekedwanso idzaletsa madzi. Ndiyesabe Loweruka likubwerali, ikakana ndikafuna L ina ya waya mmodzi kwa ogulitsa zida zakale. Pogula ndidzanyamula mawaya anga awiri aja kuti ilire ndili pomwepo.

Aneba aja abweranso, ulendo uno ndi maganizo akuti ndingoika hutala za mpweya zonga za malole. Ndakana. Kompresa yake imakoka magetsi ochuluka kuposa waya ndi fyuzi ya 10A zomwe zilipo, ndiye pamafunika relay yakeyake, fyuzi yakeyake ndi waya wonenepa kuchokera ku batire. Komanso munthu wa kabaza amene wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo ukamuliza chinthu chotero ali pafupi, amagwedezeka n'kulowera kumene iwe ukupita. Ine ndikufuna andimve, asagwe.

Pakadali pano galimoto ikuyenda ndi H yokha. Pulagi ya L ndaikulunga tepi n'kuimangirira pambali kuti isagunde chitsulo, chifukwa imakhala ndi magetsi nthawi iliyonse ndadina. Pomangapo ndaonanso kuti waya wa earth wochoka ku batire kupita ku thupi la galimoto wayamba kuyera ufa pa bawuti yake, ndiye umenewo ndiupala ndisanabwerere ku mapaipi a rediyeta.