Ndinasiya kudzimana nsima, ndiye sikelo inayamba kutsika

Mwezi uno ndakwanitsa miyezi 14 chiyambireni kuchepetsa thupi ndipo achoka makilo 11. Ndikudziwa ena muti aaa makilo 11 okha chaka chonse ndi miyezi iwiri? Eya, omwewo basi. Ndinayamba ndili 92 pano ndili 81, ndipo ndikulemba izi chifukwa koyamba pamoyo wanga makilo amene achoka sakubwereranso, komanso azimayi anzanga mwandifunsa kwambiri ku inbox kuti kodi mukumwa chani asisi. Sindikumwa kalikonse abale. Ndikudya, ndipo ndikukhuta.

Zinayamba ndi mutu. Unkandiwawa kumbuyoku pafupifupi tsiku lililonse, ine nkumangomwa panado ndikuganiza kuti ndi kutopa kwa kuntchito, mpaka tsiku lina ndinapita kuchipatala atandiyeza BP inali 150 kwa 95. Anamwino anandikweza pa sikelo, anandiyeza msinkhu, nkuwerengera BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, inatuluka 35, akuti kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ikafika 30 ndiye kunenepa kumene kumaitana matenda a shuga ndi BP. Mayi amene uja anandilankhula bwino kwambiri, sanandinyoze ngakhale pang'ono. Anati mayi musathamange, mukangochotsa makilo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a thupi lanu BP imayamba kumvera, ndiye kwa inu ndi makilo 5 mpaka 9 basi, ndipo hafu kilo pa sabata ndi yokwanira.

Ine hafu kilo ija ndinaiona kuchepa. Ndinali ndi mantha, bambo anga omwe anadwala sitiroko ali ndi zaka 58, ndiye ndinkafuna thupi lichoke lero lomwe.

Ndiye ndinachita zomwe ndinkachita kale ndikafuna kuonda. Mmawa madzi otentha a mandimu, masana nkhaka ndi apozi imodzi, usiku tiyi opanda shuga, nsima ndinaisiyiratu. Ndinagulanso matiyi aja amatsatsa pa Facebook ndi pa ma status a WhatsApp akuti ochotsa mimba, ndalama zambirimbiri. Masabata awiri oyamba sikelo inatsika makilo 4 ndipo ndinasangalala kwambiri, koma abale mmene ndinkamvera mthupi. Chizungulire ndikadzuka pampando, manja kunjenjemera ikamakwana 11 koloko mu ofesi, kuiwalaiwala, ana akangondifunsa kanthu kakang'ono ine kukalipa ngati andilakwira chachikulu, usiku tulo osabwera chifukwa cha njala. Tsiku lina ndikutsika minibasi ku Limbe mmaso munada, ndinakhala pansi pa khonde la shopu mpaka mayi wina ogulitsa nthochi anandipatsa madzi ndi nthochi ziwiri. Sabata yachitatu ndinapezeka 11 koloko usiku ndili kukhitchini ndikudya mkute ndi ndiwo zozizira, kenako buledi hafu lofu ndi majarini, ndikulira. Pofika mwezi wachiwiri makilo 4 aja anabwerera onse ndipo anabweretsa anzawo awiri.

Panopa ndimamvetsa chomwe chinkachitika. Makilo amene amachoka msanga sabata yoyamba ambiri amakhala madzi, chifukwa chakudya chimene thupi limasunga mchiwindi ndi mminofu chimasungidwa pamodzi ndi madzi, ukasiya kudya chimatha ndipo madzi aja amapita nawo, mafuta ali pompo. Matiyi ajanso ambiri ndi otsegula mmimba basi, umaona ngati mimba yaphwa pomwe wangotaya madzi. Ndipo ukadzimana kwambiri thupi silimangodya mafuta okha, limadyanso minofu, ndiye minofu ikachepa mphamvu zimene thupi limawotcha pa tsiku zimachepanso, njala nkumakula. Kilo imodzi ya mafuta a mthupi ndi ma calorie (muyezo wa mphamvu za mchakudya) pafupifupi 7,700, siingasungunuke masiku atatu ngakhale utamwa mandimu a mtengo wonse.

Nditabwerera kuchipatala ndinawauza anamwino aja zonse osabisa. Anandikumbutsa za magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsidwa ku sikelo ya ana, zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Ine ndinkaona ngati zimene zija ndi za ana onyentchera ndi amayi oyembekezera, osadziwa kuti munthu wofuna kuchepetsa thupi akufunikanso magulu onsewo, kungoti mbale yake isinthe kaikidwe.

Mbale yanga kale inkakhala chonchi, mitanda itatu ya ufa woyera, kandiwo pang'ono kosambira mmafuta, masamba ongolawa. Pano ndi mtanda umodzi ndi theka wa mgaiwa, masiku ena umodzi, koma ndiwo zambiri zedi. Theka la mbale ndi masamba, nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, mpiru, kholowa, therere, chilichonse chomwe chatchipa kumsika tsiku limenelo, kenako nyemba kapena nandolo kapena usipa kapena mazira awiri, nyama ya nkhuku pa wikendi. Chomwe chinandidabwitsa nchakuti ndikadya chonchi ndimakhuta kuposa mmene ndinkakhutira ndi mitanda itatu ija, ndipo njala imachedwa kubwera. Mgaiwa uli ndi gaga wake yemwe ndiye umakhalitsa mmimba, nyemba nazonso chimodzimodzi. Ana poyamba anakana mgaiwa akuti ndi nsima ya ku boarding, ndiye ndinkasakaniza theka woyera theka mgaiwa mpaka anazolowera.

Mmawa sindichoka pakhomo osadya, limeneli ndi lamulo langa lalikulu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ziwiri ndi dzira, tiyi shuga supuni imodzi pomwe kale ndinkathira zinayi. Shugayo sindinachepetse tsiku limodzi, ndinkachotsa supuni imodzi pakatha masabata awiri mpaka lilime linavomera. Lanchi ndimanyamula mu kontena zotsala za usiku, chifukwa ndikapanda kunyamula ndikudziwa kuti 12 koloko ikakwana miyendo ipita yokha pa chiwaya, chipisi cha mafuta aja abwerezedwa kangapo ndi Fanta pamwamba. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi za shuga limakhala ndi masupuni a tiyi a shuga pafupifupi 8, ine ndinkamwa awiri pa tsiku osaganizako nkomwe. Mchikwama mumakhala mtedza wokazinga wodzadza dzanja limodzi ndi nthochi kapena gwafa za 4 koloko, nthawi imene ija mandasi ndi zigege za pa siteji zimaitana kwambiri.

Mafuta ophikira ndimayeza ndi supuni, sindithiranso kuchokera mbotolo. Zimenezi zathandizanso bajeti, mmene mafuta akwerera mtengomu. Mchere ndinachepetsa chifukwa cha BP, a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati usapitirire magalamu 5 pa tsiku omwe ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi, kuphatikiza wa mu usipa wouma ndi timakyubu tothira mu ndiwo tija.

Koma kudya sikunandivute ngati mmene unandivutira mtima. Apa ndi pamene ndikufuna ndikhalitsepo.

Kuno kwathu munthu ukayamba kuonda anthu sakuyamikira, amakuda nkhawa kapena amakunena. Kunenepa timati kusungidwa bwino, mkazi akanenepa pabanja timati bambo akudziwa kusamala. Ndipo tonse tikudziwa zimene kuonda kunkatanthauza zaka zija matenda aja atavuta, mabanja ambiri tinaika maliro a abale athu amene anayamba ndi kuonda, ndiye mantha amene aja sanachoke mmitima mwa anthu ngakhale pano mankhwala alipo. Nditachotsa makilo 7 ndinapita kumudzi ku Thyolo ku chinkhoswe, apongozi anandikokera kuseri kwa nyumba nkundigwira dzanja, akuti mwananga tandiuzani zoona, mukudwala? kapena mwana wangayu akukuzunzani? Maso awo anali ndi misozi. Ndinawafotokozera za BP, za bambo anga, ndinawaonetsa mpaka buku la kuchipatala. Anamvetsa koma madzulo ake anandiikirabe mitanda inayi ndi nkhuku yachikuda imene anaphera ine. Ndinadya iwiri ndi nkhuku yambiri ndi masamba, ndinawathokoza kwambiri, ndipo sindinadziimbe mlandu chifukwa chakudya cha tsiku limodzi chophikidwa ndi chikondi sichingafafanize miyezi yonse ija. Ku tchalitchi nako ndinamva kuti ena akunong'onezana. Zinandipweteka, sindinama, ndinalira ndili kubafa. Pomwe kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wotchedwa DHS wa 2015-16 anapeza kuti azimayi 21 pa 100 aliwonse azaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno anali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo mtauni ndiye ochuluka kuposa kumudzi, koma nkhani yake sitiikamba momasuka, timayamba kuikamba wina akagwa ndi sitiroko.

Kenako inabwera nthawi yozizira. Juni, Julayi mpaka pakati pa Ogasiti sikelo inangoima pa 85, masabata 10 osasuntha. Chiperoni chili tsiku ndi tsiku, mmawa kudzuka kukayenda kunali kovuta, thupi likungofuna tiyi wamkaka ndi futali. Ndinkakwera sikelo mmawa uliwonse, nthawi zina kawiri pa tsiku, ikakwera ndi hafu kilo tsiku lonse landiipira, ndipo maganizo oti ndingosiyanso nsima anabwera mwamphamvu. Bambo a kunyumba ndi amene anatenga sikelo ija nkukaiika pamwamba pa wadilopu, akuti amayi a ana izi zikudwalitsani, muzikwera Loweruka lokha. Ndinakwiya tsiku limenelo koma anandithandiza. Thupi la munthu limasintha kilo imodzi kapena ziwiri pa masiku ochepa chifukwa cha madzi, mchere umene wadya dzulo, kapena ukayandikira kumwezi, ndiye ukamayeza tsiku lililonse umangodzizunza ndi zinthu zoti si mafuta nkomwe.

Nthawi imeneyo ndinayamba kulemba mu kope zinthu zina zosakhudza sikelo. Ndinagula tepi ya atelala ija nkumayeza mchiuno kamodzi pa mwezi, ndipo miyezi imene sikelo inaima mchiuno munachoka masentimita 3. Ndinalemba tsiku limene ndinakwera chitunda cha kwathu ku Chilomoni ndi jumbo ya tomato ndi kabichi osaima panjira kupuma. Ndinalemba tsiku limene diresi ya chitenje imene ndinasoketsa pa ukwati wa mng'ono wanga inatsekeka zipi. Ndinalemba kuti mwezi wathunthu wadutsa osamwa panado, kuti mawondo asiya kulira ndikamagwada kukolopa, kuti BP yafika 132 kwa 84. Tsiku limene mtima wagwa ndimatsegula kope lija nkuwerenga, ndipo limandigwira kuposa mawu aliwonse olimbikitsa a pa intaneti.

Zoyenda ndilibe ndalama ya jimu ine. A WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye ndinagawa mphindi 30 masiku asanu. Pobwera kuntchito ndimatsika minibasi masiteji awiri ndisanafike kwathu nkuyenda ndawala, ndipo kabaza ndinasiya kukwera pokhapokha ngati kukugwa mvula kapena kwada. Loweruka mmawa timayenda atatu ndi anzanga a mu mzere mwathu kulowera cha ku Michiru, mmodzi ali ndi shuga winayo akungofuna kulimbitsa thupi. Amene ali ndi shugayo ndi amene anandiphunzitsa kuti munthu amene akumwa mankhwala a shuga kudumpha chakudya nkoopsa kwambiri, shuga amatha kutsikiratu munthu nkukomoka, ndiye ngati muli pa mankhwala a shuga kapena a BP, kapena ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa, chonde kambiranani kaye ndi achipatala musanasinthe kadyedwe. Tili ndi kagulupu ka WhatsApp ka anthu atatu omwewo, wina akalemba kuti lero ndatopa sindibwera, enafe timakamugogodera pageti.

Tulo natonso, ndinazindikira mochedwa. Ndikagona mochedwa ndikuonera foni, mawa lake njala ya zotsekemera imakhala yoopsa. Pano 9 koloko foni ndimaisiya pa tchaja kuchipinda chochezera.

Sikuti masiku onse amayenda bwino ayi. Disembala ndinakwera kilo imodzi ndi theka, mango anali mbwee, maukwati Loweruka lililonse, Khirisimasi mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yokazinga. Kale zikanatero ndikanati basi zalephereka nkusiyiratu, kapena ndikanadzilanga ndi masiku atatu osadya. Ulendo uno Januwale atayamba ndinangobwerera ku phala langa la mmawa ndi kontena yanga ya lanchi, pofika pakati pa Febuluwale kilo ndi theka ija inali itachoka. Kumaliro ndimadya nsima ndi nyemba ngati wina aliyense, sindingakakhale pa siwa nkumakana chakudya cha anamfedwa.

Mng'ono wanga wayamba kuchepetsa thupi mwezi watha, ndipo sabata yoyamba anandiimbira akuti achemwali ndasiya nsima ndi mpunga ndi mbatata zonse, ndikungomwa madzi a mandimu. Ndinamuuza kuti abwere Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi. Ndinaphika mgaiwa, nyemba za ku Dedza zofiira zija, nkhwani wotendera ndi usipa wothira tomato, ndinamuikira mbale mmene ndimaikira yanga, theka masamba. Anaiyang'ana nkundifunsa kuti zonsezi ndidye ine? Ndinati idya umalize, mawa 5 koloko ndikupeza pageti tikayende.