Sienta ya adada aja idakali pa Songwe

Sabata ino yandikwana abale. Ndimagwira pa kakampani kena koitanitsa magalimoto kuno ku Mzuzu, anzanga a geni imeneyi mukudziwa kale mayendedwe ake, Japan, doko la Dar es Salaam, dalaivala kuikwapula mpaka Kasumulu, boda ya mbali ya Tanzania, kuwoloka Songwe kulowa kuno kwathu, kenako dyuti. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija, makotesheni pa WhatsApp, munthu kufunsa Mira kapena Passo, ukamuuza mtengo nkungoti zii. Aliyense pano akuthawira ku ka 660cc kapena 1000cc, osati amatikonda timagalimoto timeneti ayi, koma msonkho wa excise umakwera ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wa galimoto, ndiye thumba ndi limene likusankha.

Lachitatu mmawa, kuli kachifunga ka Mzuzu kaja, analowa adada ena a ku Chibavi, mphunzitsi wopuma ntchito, atavala jekete yaikulu. Awawa anatipatsa ndalama za penshoni miyezi itatu yapitayo kuti tiwaitanitsire Sienta ya 1500cc, mwana wawo aziyendetsa takisi ya Mzuzu kupita Nkhata Bay. Analipira zonse, galimoto, sitima, dalaivala wa ku Dar, mpaka dyuti yomwe, malisiti onse ali mu envulopu ya khaki yothaitha mmakona. Galimotoyo yatha masabata atatu pa boda.

Chondiwawa nchakuti chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndalama yawo ya dyuti abwana anakiliyira Hilux ya kasitomala wina wolongolola, akuti tidzabweza ikalowa ina. Komanso kotesheni yomwe anawapatsa inali yopelewera kuchokera poyamba, anawerengera dola pa mtengo wa kubanki pomwe tonse tikudziwa kuti kubanki umalemba fomu nkudikira mpaka kuiwala kuti unalemba, mapeto ake dola umakaisaka kunja pa mtengo wina osatchulika. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ndakhala ndikunena kuti kotesheni izikhala ya masiku ochepa basi ndipo ndalama ya dyuti ya munthu isamakhudzidwe, yankho lake ndi lakuti iwe suudziwa bizinesi. Chabwino.

Abwana atangowaona pa windo anatulukira khomo la kuseri, foni kuthimitsa. Wotsala ndi moto ndine.

Bola akanakalipa adada aja. Anangokhala pa benchi, chipewa pabondo, nkuti "Mwana wanga, ndiuze zoona, galimoto ilipo kapena ndadyeredwa?" Ndinawaonetsa chithunzi chomwe dalaivala anatumiza, Sienta ya siliva ili mbuu ndi fumbi, tayala la kumbuyo layamba kuphwa. Anachikuza ndi zala ziwiri, kuchiyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga kalata. Ndinati "Adada, ilipo, yangotsala dyuti." Akuti "Si ndinalipira?" Ine nkuti mapepala ndi amene akuchedwa. Ndinanama, zaka zonsezi ndili pa ntchitoyi sindinanamizepo kasitomala za ndalama yake, ndipo mmene anandiyang'anira ndikukhulupirira anadziwa. Kenako akuti ngati yapelewera ndinene, ali ndi ng'ombe imodzi kwawo ku Mzimba atha kugulitsa. Pamenepo ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndinangoti ayi adada, ng'ombeyo musaikhudze.

Makasitomala amakonda kunena kuti MRA ikutipha, inde dyuti, excise ndi VAT zikasanjikizana pamwamba pa CIF, womwe ndi mtengo wa galimoto kuphatikiza inshuwalansi ndi sitima, zimalemera ndithu, nane ndimadandaula. Koma pa Sienta iyi kuboda kulibe mlandu, akungodikira ndalama yomwe mwini wake anapereka kale kwa ife. Msonkho wangosanduka bulangeti lofunda ife ma dila tikadya za eni.

Lachinayi linathera pa mzere wa mafuta ndi Probox yoti ndikaisiye kwa mwini wake, kenako Road Traffic za manambala, palibe chachilendo.

Lachisanu abwana anatulukira akumwetulira, akuti nkhani yatheka, mayi wina wa ku Luwinga wapereka dipoziti ya Freed ndiye titengapo tikiliye Sienta Lolemba. Ndinafunsa kuti nanga Freed ikadzafika tidzatenga ya ndani, akuti zimenezo tidzaona. Risiti ya mayiyo ndinalemba ndine, siginecha yanga ili pomwepo.

Madzulo ano dalaivala waimba ali ku Karonga, akuti batire ya Sienta yafa, ndalama ya malo ogona yamuthera, ndipo sakwera nayo Chiweta asanaonetse mabuleki. Adada aja atumiza meseji kufunsa ngati mwana wawo ayambe kusaka malo pa renki. Sindinayankhebe.